Bedi, sofa, kabati mu Chipata: kwa kalipentala, mu shopu, pa Facebook kapena ku Lusaka?

Amene mwangofika kumene mu Chipata, kaya ndinu aphunzitsi akutumizani kuno, kaya anesi a ku Chipata Central Hospital, kaya mwangokwatirana ndiye mukuyamba nyumba, funso limakhala limodzimodzi, mipando ndi bedi ndikagule kuti? Ndipo aliyense amene mungamufunse amakulozerani kwake, wina akuti kwa kalipentala wake wa ku Kapata, wina akuti mu shopu ku tawuni amapereka pa ngongole, wina akuti osataya nthawi kwerani basi mupite ku Lusaka. Onsewa akunena zoona pang'ono pang'ono, koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri satchula ndipo kwa ine ndiye chachikulu kuposa mtengo: katundu ameneyo adzapirira kusamuka kangati?

Chifukwa ambiri a ife tili mu nyumba za renti. Chaka chino muli ku Kalongwezi, alandilodi akweza renti mwapezeka ku Mchini kapena ku Nabvutika, kenako mwapeza ka puloti mwayamba kumanga kunja kwa tawuni, kusamukanso. Katundu amakwezedwa pa kanta ndi anyamata oti sakudziwa kuti munagula zingati, amangidwa ndi zingwe, msewu wa mu komboni ndi mabampu okhaokha, mwinanso mvula yakupezani panjira. Mipando yambiri kuno siifa chifukwa chokhalidwa ayi, imafa tsiku losamuka, ina imafa ndi madzi okolopera, ina ndi chiswe. Ndiye njira zonse zogulira ine ndimaziyesa pamenepo.

Ndiyambe ndi akalipentala chifukwa ndi kumene mtima wanga uli, sindibisa. Ali paliponse, m'mbali mwa misewu, kuseri kwa misika, mu makomboni, mukangomva kulira kwa mashini opala matabwa ndi fungo la vanishi dziwani kuti mwafika. Ena anaphunzira ku Chipata Trades ali ndi mapepala awo, ena anaphunzira kwa amalume awo kuyambira ali ana akungogwirira thabwa, ndipo onse awiri mumapezamo odziwa ndi osadziwa, chofunika ndi kuona chimene manja ake apanga kale. Ubwino woyamba ndi woti chinthu chimapangidwa molingana ndi chipinda chanu, ka kona kaja kotsala pakati pa chitseko ndi zenera mutha kuikapo shelefu yokwana ndendende. Wachiwiri ndi woti chikawonongeka munthu wake mukumudziwa, mukapita kukamuuza abwera ndi hamala ndi guluu, nkhani yatha. Koma apa mpamene pamafunika maso anu kwambiri, chifukwa zinthu ziwiri zooneka zofanana panja zimatha kusiyana zaka 20 pa moyo wake.

Choyamba funsani mtundu wa mtengo umene thabwalo lachokera. Mukwa, umene ena amati mlombwa, ndiye mfumu ya mipando kuno. Mkati mwake mofiiramo chiswe sichilowa wamba, komanso ukauma bwino supindika, nchifukwa chake matebulo akale a agogo athu alipobe mpaka lero. Koma mukwa uli ndi mbali yoyera ya kunja kufupi ndi khungwa, imeneyo ndiye imafumbwa, ndiye mukaona thabwa lochuluka zoyera auzeni alichotse kapena aliike poti silinyamula kulemera. Mbawa nayonso ndi yabwino, yofiira, imawala bwino ikapakidwa vanishi. Paini ndi wotchipa ndi wopepuka, wambiri amachokera ku minda ya ZAFFICO ku Copperbelt, ndi wabwino pa shelefu, pa ka tebulo ka ana kolembera kapena mkati mwa kabati, koma chiswe chimamukonda zedi ngati sanapakidwe mankhwala. Bulugamu ndi wolimba koma akakhala wamuwisi amang'aluka ndi kupotoka. Mukula musachite kuufunafuna, boma linauikira malamulo okhwima chifukwa cha kudula mwachisawawa ndipo kuyambira 2019 uli pa mndandanda wa CITES, mgwirizano wa maiko woteteza nyama ndi mitengo zimene zingathe chifukwa cha malonda, si thabwa loti mugule kwa munthu wopanda mapepala kenako mukadzipezere milandu.

Chenjerani ndi paini wopakidwa utoto wofiirira kuti aoneke ngati mukwa. Kuzindikira kwake nkosavuta, tembenuzani mpandowo muone kunsi kumene sapaka, mukapeza thabwa loyera lokhala ndi timfundo tozungulira ndi paini ameneyo. Dinaninso ndi chikhadabo, paini amasiya chizindikiro, mukwa ayi. Ndipo kalipentala wachilungamo sakwiya mukamatembenuza katundu wake, amachita kukuthandizani kunyamula.

Koma vuto lalikulu kuposa mtundu wa mtengo ndi matabwa aawisi. Thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri mkati ndipo limafuna miyezi litasanjidwa pamthunzi mphepo ikudutsa kuti liume. Ambiri alibe ndalama yosungira matabwa miyezi yonseyo, amagula lero mawa ayamba kupala. Tebulo lake limatuluka lokongola, mulilandira mukusangalala, ndiye ikafika October dzuwa lija la kuno litakwiya mumangoona mng'alu watseguka pakati penipeni woti kandalama kachitsulo kalowa, madirowa ayamba kugwedera, chitseko cha wadirobu chikukana kutseka, bedi likulira usiku wonse mukangotembenuka. Poyesa, ikani chikhatho pa thabwa, lamuwisi limazizira ndipo limalemera mopitirira. Tapaninso utuchi pansi pa benchi yake mufinye m'manja, ukagwirana nkukhala chibuma ndiye kuti madzi alimo, wouma umangomwazika. Kungochita zimenezi mwapulumutsa ndalama zanu.

China ndi malumikizidwe. Yang'anani pamene mwendo wa mpando wakumana ndi thabwa lopingasa. Ngati anasema bowo nkulowetsamo thabwa linzake ndi guluu, chimenecho chidzakhala. Ngati anangogundanitsa nkukhoma misomali iwiri kenako nkubisa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, mwana akadzangoyamba kudendekera nawo kumbuyo wapita. Ndipo poti tanena zosamuka, bedi auzeni likhale la mabawuti loti mutha kumasula nkunyamula mbali mbali, wadirobu yaikulu ikhale ya zigawo ziwiri kapena zitatu zolumikiza. Zitseko zambiri za nyumba zathu ndi pafupifupi masentimita 80 mulifupi, zina za mu komboni zimachepa kuposa apo, ndipo si zachilendo kuona sofa yatsopano itagona panja anthu akukambirana zochotsa felemu ya chitseko cha eni nyumba. Tengani tepi muyeze chitseko ndi kakhonde kolowera musanapite.

Manje nkhani ya ndalama, apa mpamene ambiri anadana ndi akalipentala. Mlamu wanga anapereka ndalama yonse kumayambiriro kwa munthu wina kuti amupangire tebulo lodyera ndi mipando yake, akumati poti timapemphera limodzi palibe vuto. Ndalama ija inapita ku ntchito ya kasitomala wina amene anali kuvuta kwambiri, iye nkumangomva mawa, mawa, bwerani Lachisanu, mpaka chikondi cha pa mpingo chinazirala. Sikuti onse ndi akuba ayi, ambiri amangosowa ndalama yoyendetsera ntchito ndiye dipoziti yanu imakatseka dzenje la wina. Njira yabwino ndi kupita naye limodzi kogula matabwa, mulipire nokha, musankhe nokha, mulembe dzina lanu pa thabwa lililonse ndi choko kapena makala. Ya ntchito perekani pang'ono poyamba, ina mukaona chimango chaima, yotsala tsiku lotenga. Zonse mwagwirizana zilembeni pa WhatsApp, chithunzi cha chimene mukufuna, miyeso, mtundu wa mtengo, tsiku lomaliza, ndipo lipirani pa Airtel Money kapena MTN kuti uthenga ukhale umboni. Mumuuze mwaulemu chabe kuti amisiri, tilembe kuti tonse tisaiwale, palibe amene amakana. Komanso tikhale achilungamo, nthawi zina kuchedwa kumakhala kwa magetsi. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba mashini ankakhala osalira tsiku lonse, anthu ankadzuka pakati pa usiku kukapala matabwa magetsi akabwera. Ndiye ngati mukufuna katundu wa ukwati, musapite kutatsala masabata awiri.

Sofa ndi nkhani ina payokha chifukwa zonse zofunika zimabisika mkati mwa nsalu. Panja veleveti wonyezimira, mabatani, miyendo ya golide, mkati mwina muli timatabwa ta mapaleti, makatoni, masaka ndi zidutswa za siponji zotolatola. Ngati mukupangitsa, pitani kawiri asanakute, mukaone chimango chili chamaliseche komanso mukaone siponji imene aikemo. Siponji yabwino imalemera ndipo mukaidina ndi chibakera imabwerera msanga, yotchipa imapepuka ndipo pakangopita miyezi yochepa mumayamba kumva thabwa mukakhala. Kuli bwino sofa ya anthu atatu ndi mipando iwiri koma siponji yeniyeni, kusiyana ndi chi kona sofa chodzaza balaza lonse choti chaka chamawa chidzakhala chitaphwa. Ndipo ngati muli ndi ana aang'ono, makushoni akhale a zipi oti muvula nkuchapa, nsalu yake isakhale yoyera, fumbi lofiira la August mpaka October simungalimbane nalo.

Owotcherera zitsulo tisawaiwale. Bedi la ana losanjikiza, poika nsapato, poika mapoto, mipando ya pakhonde, zimenezi chitsulo chimaposa thabwa, chiswe chilibe nacho ntchito ndipo pa kanta mutha kuchiponya mmene mungafunire. Ingoonani kuti paipi yake si yopyapyala yoti ipindika, powotcherera apasalaze pasakhale zobaya ana, ndipo apake penti yofiira ija yoteteza dzimbiri asanapake yakuda. Kukongola kwake nkochepa, pa balaza sindingakulimbikitseni, koma kuchipinda kwa ana ndi kukhitchini ndi njira yotchipa yokhalitsa.

Tibwere ku mashopu a mu tawuni. Kunena zoona zinthu zake zimakopa, magetsi akuwala, wadirobu ya galasi lalitali, poika TV ponyezimira, madirowa oyenda myaa opanda kukakamira. Ubwino wake ndi woonekeratu, chimene mwaona ndi chimene mutenge, lero lomwe, palibe za mawa mawa, mupatsidwa lisiti, ena amakubweretserani mpaka pakhomo ndi kukumangirani. Koma gogodani ndi chala muone kumbuyo. Zambiri si thabwa, ndi chipboard kapena MDF, utuchi wopanikizidwa ndi guluu nkumatidwa pepala looneka ngati mtengo. Chinthu chotere chikakhala pamalo amodzi pouma chimatha zaka ndithu. Mdani wake ndi madzi, ndipo ife timakolopa tsiku ndi tsiku, madzi aja akamakhudza kunsi chimayamba kufufuma ngati buledi mu tiyi, pepala lija nkumatuka, ndipo zikatero palibe kalipentala angachikonze. Mdani wachiwiri ndi kumasula, sikuluu ikatuluka mu chipboard kubwerera kwake sigwiranso ngati poyamba, ndiye kusamuka koyamba imapulumuka, kwachiwiri yayamba kupendama, kwachitatu mwaimangirira ku khoma. Amene muli m'nyumba yanuyanu ya matailosi ndipo simukupita kulikonse, gulani ndithu, ingoonani kuti ili ndi timiyendo toikweza pansi. Amene mukudziwa kuti transifa itha kubwera nthawi iliyonse, ganizani kawiri.

Ndiye pali ngongole ija yodula pa payslip kapena kulipira mwezi ndi mwezi, imene imagwira kwambiri ogwira ntchito m'boma ongoyamba kumene. Wogulitsa amakuuzani ya pamwezi chabe chifukwa imamveka yochepa. Inu tulutsani foni muchulukitse. Tingoyerekeza, chinthu cha K6,000 pa kashi, akuti muzilipira K450 kwa miyezi 24, pamenepo mwalipira K10,800, kutsala pang'ono kugula ziwiri, ndipo mwina pofika mwezi womaliza chinthucho chafufuma kale koma kudula kukupitirira. Funsani mtengo wonse pamodzi ndi inshuwalansi ndi zolembetsa, funsaninso chimachitika nchiyani mukalumpha mwezi. Ngati shopu ili ndi lay-by, yolipira pang'ono pang'ono katundu ali konko nkudzatenga mukamaliza, imeneyo ndi yabwino kuposa chifukwa nthawi zambiri mtengo sukwera kwambiri. Apo ayi lowani chilimba kapena village banking, ikafika nthawi yanu mukagule pa kashi, ndipo wa kashi amatha kunenerera. Lisiti sungani bwino, ijambuleninso pa foni chifukwa inki yake imafufutika. Lamulo la 2010 loteteza ogula, limene amayang'anira a bungwe la boma la CCPC, silola shopu kupachika chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndiye chinthu chikakhala chinabwera chowonongeka muli ndi poyambira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimati mugule chatsopano mu shopu basi, osakambirana: matilesi. Msana ndi umodzi abale. Ndipo yambani kugula matilesi kenako bedi lipangidwe motsatira, osati bedi kaye. Miyeso yodziwika kuno mulifupi ndi masentimita 91 ya munthu mmodzi, 107 ya three quarter, 137 ya double, 152 ya queen ndi 183 ya king, mulitali nthawi zambiri 188. Kalipentala akangoyeza ndi maso mumapeza matilesi akusefukira kapena pali mpata woti mwana akodwa mwendo. Funsani kulimba kwa siponji, osangoona kukhuthala, chifukwa alipo matilesi onenepa bwino koma opepuka oti miyezi ingapo pakati pakumbika dzenje.

Zogwiritsidwa kale ntchito, za pa Facebook ndi magulu a WhatsApp, ndi njira imene ndimaikonda mwa theka. Mu Chipata anthu amabwera ndi kupita, a boma, a mabungwe, a mabanki, ndipo munthu akapatsidwa transifa yopita ku Solwezi kapena ku Mongu amaona kuti kunyamula kabati nkodula kuposa kuigulitsa. Apa mutha kupeza tebulo la mukwa lakale louma bwino lomwe loti silidzang'alukanso, pa mtengo wochepa, mungolipala ndi sandipepa nkupaka vanishi latsopano. Zathabwa lenileni ndi zachitsulo gulani mosaopa mukaziona ndi maso. Koma sofa, matilesi ndi mutu wa bedi wokutidwa nsalu, samalani nsikidzi. Pitani masana, tengani tochi ya pa foni, tsegulani m'misoko ndi kunsi, mukaona timadontho takuda tambirimbiri kapena timakoko toyera siyani ngakhale akupatseni ulere, chifukwa nsikidzi zikalowa m'nyumba muwononga ndalama zambiri pa mankhwala kuposa zimene munapulumutsa, osanena za tulo ndi manyazi alendo akabwera. Pa zathabwa yang'anani pansi ngati pali kaufa kosalala ndi timabowo ting'onoting'ono, ndiye kuti chikufumbwa mkati.

Komanso pa intaneti pali akuba. Chithunzi chokongola, mtengo wotsika modabwitsa, kenako akuti ambiri akuchifuna tumizani kaye ka dipoziti kapena ya transipoti ndikusungireni, mukatumiza nambala yazima. Osatumiza ngakhale ngwee musanagwire chinthucho ndi manja anu. Ndipo kagulireni pakhomo pamene katunduyo akukhala, a m'nyumbamo akuona, chifukwa zimachitika kuti bambo akugulitsa mipando mayi sakudziwa, kapena ndi ya alandilodi, mawa lake anthu ali pakhomo panu ndi apolisi.

Za ku Lusaka. Inde kuli zambiri, masitayilo atsopano amayambira kumeneko. Ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road akalipentala ndi owotcherera andanda ndi katundu wawo panja, ku Kamwala kuli nsalu, makatani ndi makapeti osankha mpaka kutopa, ku Kabwata Cultural Village kuli zosemasema, ndiye mamolo ngati Manda Hill ndi East Park kuli zokongoletsera za mtundu uliwonse. Koma Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo mtengo mwauona kumeneko si umene mulipire. Onjezani basi kupita ndi kubwera, chakudya, pogona, ka galimoto kochotsa katundu pa shopu kukafika pokwezera, ya thiraki, ndiye kuno kutsitsa ndi kukafika kunyumba. Katunduyo adutse mapiri a Manenekela ndi Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke, Katete, atapanikizidwa ndi matumba a anthu ena. Akafika galasi lasweka kapena mwendo wathyoka mukadandaula kwa ndani? Wogulitsa ati ndinakupatsani chili bwino, dalaivala ati munamanga nokha. Ine ndimati ku Lusaka gulani zopindika ndi zolowa m'chikwama, makatani, zofunda, magetsi okongoletsa, zogwirira za madirowa, ngakhale nsalu ya sofa yeniyeniyo, mubwere nayo kuno mupatse mmisiri wanu. Sitayilo ya bedi mwaikonda ijambuleni, anyamata a kuno akaona chithunzi amapanga. Zikuluzikulu kagulenini kokha ngati mukudzaza nyumba yonse nthawi imodzi ndipo muli ndi galimoto imodzi yodalirika yoti inu kapena m'bale wanu akwera nawo.

Ku Malawi ndi pafupi kuposa ku Lusaka, boda ya Mwami ndi mphindi zochepa chabe kuchoka mu tawuni ndipo Lilongwe mutha kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Kuyambira December 2022 pa Mwami ndi Mchinji pali boda ya malo amodzi, zolemba zonse mumathera pamodzi. Chimene ndingapitire kumeneko ndi mipando ija yoluka ya nsungwi, yopepuka yoti mwana anyamula, pakhonde kapena pakona ya balaza imakhala bwino kwambiri ndipo nthawi yotentha siitenthetsa msana ngati sofa, ingoisungani posanyowa. Makapu ndi mbale za ku Dedza Pottery nazonso ndi zinthu zoti mlendo amafunsa kuti munazipeza kuti. Koma werengerani ndalama tsiku lomwelo chifukwa kasinthidwe ka kwacha ziwirizi sikakhazikika, ndipo katundu muonetseni kwa a ZRA. Pali dongosolo la COMESA lothandiza amalonda ang'onoang'ono pa katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pa mndandanda wogwirizana, funsani pa ofesi pa boda pomwepo ngati zanu zilimo. Njira za kutchire zisiyeni, kulandidwa mipando chifukwa chothawa msonkho wochepa nzopweteka.

Nyengo nayo imasintha zinthu. Kuyambira June mpaka August alimi agulitsa chimanga, soya, nshawa ndi fodya, ndalama zili m'manja, aliyense akufuna sofa ndi malata, akalipentala amakhala otanganidwa ndipo sanyengerera munthu. December ndi maukwati ndi makitchen party. January ndi February anthu ali pa za sukulu ndi feteleza, malonda aima, apa ndiye ponenerera, koma ndi nthawi yomweyo imene matabwa amakhala ndi chinyezi. Ndiye nthawi ya mvula gulani chopangidwa kale chimene chakhala pa shedi kuyambira chilimwe, pomwe chopangitsa chatsopano ndi bwino September kapena October matabwa atauma.

Ngati ndalama ndi yochepa musachite manyazi kuyamba pang'ono. Matilesi abwino, makatani kuti anthu asakuoneni, mipando inayi ya pulasitiki ya ku Down Shops ndi ka tebulo, mwayamba nyumba. Mipando ya pulasitiki ija simudzaitaya, sofa ikadzabwera idzagwira ntchito pakabwera alendo ambiri, pa chinkhoswe kapena pa zovuta, ingopewani kuisiya padzuwa chifukwa imauma nkuyamba kuthyoka miyendo. Kenako bedi, kenako kabati ya mbale, sofa ibwere kumapeto mutasunga ndalama yokwanira yabwino. Anthu ambiri amayamba ndi sofa ya ngongole kuti alendo aone, iwo akugona pa matilesi opyapyala pansi, zimenezi zimandimvetsa chisoni chifukwa thupi ndi limene limalipira.

Kukongoletsa ndiye kumene Chipata ili ndi mwayi woti ambiri sitiuona. Ku Down Shops nsalu ndi zitenje zili mbwee, mugule mupatse telala akusokereni makatani, makushoni ndi nsalu ya pa tebulo, zimatchipa kuposa zosokasoka za mu shopu ndipo mtundu mwasankha nokha. Pa makatani nsalu ikhale kawiri kutambalala kwa zenera kuti ipange mapinda, ikangokwana ndendende imaoneka ngati mwapachika shiti, ndipo kumbali yolowera dzuwa ikani ina yoyera kumbuyo kuti mtundu usafwifwe. Mu salaula ku Kapata Market ndi ku Saturday Market mumapezeka makatani olemera, mashiti ndi zoyala pa bedi zabwino kwambiri, makamaka mukafika bero litangotsegulidwa, kungochapa ndi madzi otentha nkuyanika padzuwa basi. Matawulo, mabeseni ndi tizinthu ta kukhitchini Shoprite ndi mashopu a mu tawuni zilimo, apo palibe chovuta.

Kapeti yodzaza chipinda chonse ine ndimakana, fumbi la kuno ndi lambiri ndipo popanda mashini opopera imangosunga chifuwa cha ana. Mkeka wa mlaza kapena mphasa yoluka bwino pakati pa balaza imaoneka bwino, mumaitulutsa nkukung'untha, ikatha mugula ina osamva kuwawa, ndipo ndalamayo yapita kwa amayi ndi abambo a kumudzi amene analuka. Malichero atatu kapena anayi osiyana kukula mutawapachika pa khoma loyera amaposa zithunzi zija za mathithi a kunja zimene zili m'nyumba iliyonse. Dengu lalikulu likhale poika zovala zochapa, mphika wadothi mubzalemo duwa pakhonde. Pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi pa Kulamba ku Mkaika ku Katete mu August pamabwera ogulitsa zoluka ndi zosema ambiri, ndi nthawi yabwino yosankha, ndipo ponenerera kumbukirani kuti mkeka umodzi munthu amauluka masiku, osamufinya mpaka alire. Amene mungafike ku Mfuwe, ku Tribal Textiles amapanga nsalu zojambulidwa ndi manja zokongola zedi, mitengo yake ndi yokwera poti ogula ambiri ndi alendo a ku South Luangwa, koma makushoni awiri okha pa sofa ya mtundu umodzi amasintha balaza lonse.

Ngati nyumba ndi ya renti, musanapake penti kapena kuboola khoma kambiranani kaye ndi alandilodi, ena amavomera kuti mupake mudule pa renti, ena potuluka amakulipiritsani bowo lililonse la msomali, ndiye zimene mwagwirizanazo zilembeninso. Penti sankhani yowala, yoyera kapena ya kirimu, chipinda chimaoneka chachikulu ndipo magetsi akazima kanyale ka sola kamodzi kamakwanira kuunika. Kabati ndi wadirobu musazigundike ku khoma, siyani mpata woti dzanja ndi tsache zilowa, ndipo nthawi ya mvula muzisuzumirako kawirikawiri, mukaona kamzere ka dothi kakukwera khoma kaphwanyeni tsiku lomwelo muthire mankhwala a chiswe, amapezeka m'mashopu a zaulimi ndi a hadiweya mu tawuni.